Tochi Yakale, Kuwala Kwatsopano

Usiku umene mvuu zidalowa m'dimba lathu, tochi tidali nayo. Tisaname kuti tidagona kapena tidaiwala kutchaja, ayi. Tidali maso pamsasa, tochi ili m'manja, batire titalitchaja tsiku lonse. Titamva kuti phwa, phwa, phwa m'chimanga cha kumunsi, tidayatsa. Kuwala kudatuluka kofiirira ngati kwa chikuni chotsala pang'ono kuzima, kudafika pa mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, n'kuthera pomwepo. Kupitirira apo udali mdima wokhawokha, ndipo mumdimamo mudali nyama imene sitimadziwa kuti yaima pati, yayang'ana kuti, kaya ili yokha kaya ili ndi mwana. Munthu wanzeru salowa mumdima wotere. Tidangoimba zitini tili patali, n'kumakuwa mpaka mawu kusasa. Kutacha tidapeza ndime yonse ya mondokwa, amene timawerengera kuti atipatsa ndalama ya feteleza, itasanduka bwalo.

M'mawa womwewo ena mwa ife adati tochi yatha, itayidwe, tigule ina. Koma tochi yake si yamasewera. Ndi zija zikuluzikulu za chogwirira pamwamba, za batire lolemera la mavolti 6, ndipo yakhala nafe zaka zambiri, kudimba ndi kudoko komwe. Wamkulu wina pakati pathu adatiletsa, akuti tiyambe takaonetsa kwa bambo wokonza mawailesi pamsika tisanataye chinthu. Zimene tidaphunzira kumeneko, kuphatikizapo mababu awiri amene tidawononga chifukwa cha phuma, ndi zimene tikufuna tigawane nanu, abale ndi alongo, m'nkhani ino.

Tochi ndi chida, ngati khasu

Kalembera wa chaka cha 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno amadalira tochi ya mabatire pounikira usiku, pamene ounikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 okha pa mabanja 100 alionse. Choncho tikamakamba za tochi sitikukamba za chidole. Ndi tochi imene timakazonda nayo khola tikamva mbuzi zikulira pakati pa usiku. Ndi tochi imene timaunika nayo njira m'bandakucha popita kumzikiti, nyengo ya mvula pamene njoka zimakonda kugona pakanjira. Amayi ogula usipa padoko amasankha nsomba ndi kuwerenga chenje ndi tochi, kunja kusanache. Alovi amasoka nayo ukonde wong'ambika, n'kuyang'ana nayo pamene boti likulowa madzi. Oweta nkhuku amene adaphunzira kuunika mazira amadziwa kuti dzira likatha masiku 7 mpaka 10 nkhuku ikulifungatira, ukaliunika mumdima umaona timitsempha ngati muli mwanapiye, ndipo losakhala ndi kanthu umalichotsa lisanawole.

Tochi ikafooka, ntchito zonsezi zimafooka nayo. Chovuta n'chakuti imafooka pang'onopang'ono, maso n'kumazolowera, mpaka tsiku limene waifunitsitsa ndi pamene umazindikira kuti wanyamula chikuni.

Musathamangire kugula babu

Chinthu choyamba chimene wokonza mawailesi uja adachita chidatidabwitsa. Babu sadaliyang'ane n'komwe. Adatsegula tochi, n'kutionetsa kasipuling'i ndi tizitsulo togunda batire, tonse titachita dzimbiri lobiriwira. Mphepo ya kunyanja ndi thukuta la m'manja zimachita zimenezi. Dzimbiri limatsekereza magetsi monga zinyalala zimatsekerezera madzi mumngalande. Adapala tizitsuloto ndi kasandipepa, n'kuthina waya wina amene adali atakhwepa pa switchi. Atayatsa, kuwala kudasinthiratu, babu lili lomwe lija.

Kenako adatsuka galasi la kutsogolo ndi madzi a sopo, mkati ndi kunja. Kambale konyezimira kaja kamene kamakhala kuseri kwa babu adangokauzira ndi mpweya. Adatichenjeza kuti kambaleka tisamakapukute ndi nsalu kapena chala, chifukwa kunyezimira kwake n'kopyapyala kwambiri, kakakandika sikabwereranso.

Pomaliza adayeza batire ndi mita yake. Batire la mavolti 6 likadzadza bwino limawerenga pafupifupi 6.3 kapena 6.4. Chofunika kwambiri ndi kuliyeza tochi ili chiyakire: likangogwa msanga kufika pansi pa 5, ndiye kuti latopa, ndipo ngakhale mutagula babu lokwera mtengo bwanji, simuphulapo kanthu. Lathu lidali lidakali ndi mphamvu. Apa ndi pamene tidayamba kukamba za babu.

Ndiye dongosolo lake ndi limeneli: tizitsulo, galasi, batire, kenako babu. Ambiri timayambira kumapeto.

Babu lakale ndi babu la LED

Babu lakale lili ndi kawaya kopyapyala mkati mwa galasi. Magetsi akadutsa, kawayako kamatentha mpaka kuyera, ndipo kuwala kumachokera pa kutenthako. Ndiye kuti babu lotere kwenikweni ndi kambaula kakang'ono: pa mphamvu yonse imene limadya m'batire, gawo loposa 90 pa 100 limapita ku kutentha, kotsalako ndiye kuwala. Pakapita nthawi kawayako kamadyeka, galasi limada mkati, kuwala n'kumachepa. Tochi ikagwa pansi ili chiyakire, kawayako kamaduka.

LED ilibe kawaya. Ndi kamwala kakang'ono kopangidwa kufakitale kamene kamatulutsa kuwala magetsi akadutsamo. LED yofiira yooneka ndi maso idapangidwa mu 1962 ndi Nick Holonyak ku America, koma kwa zaka zambiri inkangogwira ntchito ngati kadontho kosonyeza kuti wailesi yayaka. Chimene chidasowa ndi LED yowala ya mtundu wa buluu. Akatswiri atatu a ku Japan, a Isamu Akasaki, a Hiroshi Amano ndi a Shuji Nakamura, ndi amene adaipeza, ndipo mu 2014 adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. LED yoyera imene ili m'matochi athu ndi ya buluu yomweyo, koma adaipaka mankhwala achikasu pamwamba. N'chifukwa chake mukayang'ana LED yozima mumaona kadontho kachikasu.

Kuchuluka kwa kuwala amakuyeza ndi muyeso wotchedwa lumen, pamene mphamvu imene babu limadya amaiyeza ndi mawati. Babu lakale la tochi limapereka malumeni pafupifupi 10 mpaka 15 pa wati imodzi. LED yabwino imapereka 100 kapena kuposa pa wati imodzi yomweyo. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mbewu ziwiri zobzalidwa pa ndime imodzi, ina n'kukolola thumba limodzi, ina matumba asanu ndi awiri.

Mababu awiri amene tidawononga

Titamva zimenezi tidatentha mtima. Osadikira kuti bambo aja amalize kulongosola, mmodzi wa ife adathamangira kusitolo, n'kubwera ndi kababu ka LED kooneka ngati kakale kaja. Tidakalowetsa, tidayatsa. Kadawala kamodzi kokha, ng'aa, ngati mphezi, kenako zii, ndi kafungo ka chinthu chopserera. Titayang'ana pa kapepala kake padalembedwa 3V. Ife tidakapatsa 6V. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Lachiwiri tidagula loyenera, la 6V. Titalowetsa silidayake n'komwe. Tidaganiza kuti atigulitsa lakufa, ndipo pokwiya mnzathu wina adayamba kulikanikiza ndi pulayazi mpaka lidasweka. Titabwerera kwa wokonza uja adaseka, n'kutiuza kuti mwina babulo lidali lamoyo, koma mawaya a m'tochi mwathu adali otembenuka. Lachitatu ndiye lidatheka, chifukwa tidayamba tamvetsa zinthu zinayi izi.

Choyamba ndi mavolti. Werengani zimene zalembedwa pa batire ndi m'mphepete mwa babu lakale. Matochi otchaja ali mitundumitundu. Alipo a batire lolemera la mtovu la 4V kapena 6V. Alipo a batire la lithium, lija looneka ngati chala chachikulu, lolembedwa 18650, limene limapereka 3.7V ndipo likadzadza limafika 4.2V. Aliponso a timabatire ta 1.2V kalikonse, timene amatilumikiza tiwiri, titatu kapena tinayi. Babu latsopano lifanane ndi mavolti a tochi yanu. Alipo mababu ena olembedwa, mwachitsanzo, 3V–12V, amene amalandira mavolti osiyanasiyana chifukwa ali ndi kachipangizo kowongolera magetsi mkati. Amenewa ndi osavuta kwa ife osaphunzira zamagetsi.

Chachiwiri ndi tsinde la babu. Mababu a tochi amakhala a mitundu iwiri kawirikawiri. Lina n'lopotokola, la mazinga, ndipo pa paketi amalemba E10. Lina lilibe mazinga koma lili ndi kamkombero ngati kachipewa, limangokhazikika pabowo n'kutsinidwa ndi kachivundikiro kumbuyo. Limeneli amalemba P13.5S. Musadalire kukumbukira. Zulani babu lakale, likulungeni m'kapepala, mupite nalo kusitolo mukafanizire.

Chachitatu ndi mbali ya magetsi. Babu lakale silisankha, limayaka kulikonse kumene magetsi alowera. LED imasankha: ili ndi mbali ya pulasi ndi ya mainasi. Mababu ambiri olowa m'malo mwa akale amafuna kuti pulasi igunde kansonga ka pansi pa babu, mainasi igunde m'mbali. Matochi ena, makamaka akuluakulu ngati yathuyi, adawalumikiza mosemphana. Babu likapanda kuyaka musalikakamize. Wokonza angosinthanitsa mawaya awiri opita kubabu, basi. Koma samalani: osinthanitsa ndi a kubabu okha, osati a pabatire, chifukwa mukatembenuza a pabatire muwononga njira yotchajira.

Chachinayi ndi kutentha. Anthu amati LED sitentha. Kutsogolo kwake inde sikutentha ngati babu lakale, koma kumbuyo kwake kumatentha, ndipo kutenthako kukasowa kothawira LED imazirala msanga n'kufa. Tochi ya chitsulo cha aluminiyamu imatulutsa kutentha kudzera m'thupi lake lomwe. Ya pulasitiki imakusunga mkati. N'chifukwa chake m'tochi ya pulasitiki ndi bwino kuikamo babu la wati imodzi, ngati mwakweza kwambiri mawati atatu. Mukaikamo chimphona, mudzamva kununkha kwa pulasitiki wosungunuka muli pakati pa nyanja.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Apa pali masamu pang'ono, koma si ovuta kuposa kuwerengera mabigiri a usipa. Pa batire lathu padalembedwa 6V 4Ah. Mukachulukitsa 6 ndi 4 mupeza 24. Nambala imeneyi ndi nkhokwe yonse ya mphamvu imene ili m'batiremo. Kuti mudziwe maola amene tochi ingayake, gawani 24 ndi mawati a babu.

Babu lathu lakale lidalembedwa 6V 0.75A. Kuchulukitsa 6 ndi 0.75 kumapereka mawati 4.5. Kugawa 24 ndi 4.5 tikupeza maola asanu ndi kanthu. Kuwala kwake, lili latsopano, kudali malumeni 50 kapena 60.

Babu la LED la wati imodzi limapereka malumeni pafupifupi 100, ndipo pa batire lomwelo lingayake maola ofika 24. La mawati atatu limapereka malumeni oposa 200, n'kuyaka maola pafupifupi asanu ndi atatu.

Tinene pano kuti amenewa ndi masamu a papepala. Batire lakale silisunga mphamvu yonse yolembedwa pa chikopa chake, komanso batire la mtovu silifuna kukamidwa mpaka kuuma. Ndiye powerengera ulendo wanu, tengani theka la maolawo. Komabe mwaona nokha: ngakhale babu la mawati atatu, lowala kanayi kuposa lakale, limasunga batire kuposa lakalelo. Ife tidasankha limeneli chifukwa dimba lathu ndi lalitali. Amene tochi yake ndi ya m'nyumba, ya ana owerengera ndi ya kukhola, wati imodzi imukwanira, ndipo adzatchaja kamodzi pa masiku angapo m'malo mwa tsiku ndi tsiku. Kwa ife amene timalipira potchajitsa pamsika, kapena timadikira dzuwa kuti sola igwire, nkhani imeneyi ndi ya ndalama.

Nanga tochi ikakhala kale ya LED?

Matochi ambiri ogulidwa zaka zino amabwera ali kale ndi LED, ndipo siichoka ndi dzanja, adaiwotcherera pa kambale kakang'ono. Kuisintha n'kotheka, koma imeneyi ndi ntchito ya wokonza amene ali ndi chowotcherera. Musanamupatse ndalama, dziwani chinthu chimodzi: kuwala kwa LED kumadalira kuchuluka kwa magetsi amene ikulandira. M'tochi muli kachipangizo kamene kamayeza magetsiwo, kaya ndi kaja amati resistor kaya kabolodi kakang'ono kaja amati driver. Mukaika LED yaikulu koma kachipangizoka n'kukhala komwe kaja, kuwala kusintha pang'ono chabe. Zili ngati kugula ndowa yaikulu pamene mpopi ukutulutsa madzi omwe aja.

Komanso LED yopanda kachipangizo kotere siilumikizidwa mwachindunji kubatire. LED yoyera imafuna mavolti pafupifupi 3 mpaka 3.4, ndipo ikalandira opitirira pang'ono chabe imameza magetsi mosadziletsa mpaka kupsa. Kwa achinyamata athu amene akuphunzira ntchito ya zamagetsi, nachi chitsanzo. LED ya wati imodzi imafuna magetsi okwana 0.35A. Batire la 4V lodzadza limafika 4.2V. Chotsani 3.2 pa 4.2, itsala 1. Gawani 1 ndi 0.35, mupeza pafupifupi 2.9. Ndiye resistor ya 3.3 ohm ndi imene ikufunika. Pa batire la 6V masamu omwewo amapereka pafupifupi 10 ohm, koma apo theka la mphamvu limathera pa kutenthetsa resistor, choncho driver ndiye wabwino.

Chenjezo lalikulu lili pa matochi aja okhala ndi timano tiwiri tolowetsa pakhoma mwachindunji. Magetsi a pakhoma kuno kwathu ndi a 230V, ndipo matochi ambiri otere, pamene akutchaja, tizitsulo ta mkati mwake timatha kugwira munthu. Osaitsegula ili pakhoma. Osaiyatsanso ikutchaja, chifukwa ndi mmene ma LED ambiri amapserera. Mukaizula, dikirani kaye musanaitsegule, ndipo ana asasewere ndi timano take.

Kuwala kwambiri si kuona bwino

Titasintha babu tidaona chinthu china. Pakati pa kuwala padali kadontho kakuda ngati diso la nsomba. Chifukwa chake n'chakuti kambale konyezimira kadapangidwa kuti katolere kuwala kochokera pamalo enieni pamene padali kawaya ka babu lakale. LED ikakhala m'mwamba pang'ono kapena pansi pang'ono, kuwala kumamwazikana. Wokonza uja adaika kamphete kopyapyala pansi pa babu, n'kuyesa pakhoma katatu konse, mpaka kadontho kadatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwaninso kuti kuwala kukachuluka kawiri, mtunda umene tochi ikufika suchuluka kawiri. Kuti tochi ifike kawiri pamene inkafika kale, pamafunika kuwala kochuluka kanayi. Musakhumudwe mukaona kuti babu latsopano silikufika kutsidya kwa Shire. Ndipo nambala zija amalemba pa mapaketi ena, malumeni zikwizikwi pa katochi kolowa m'thumba la malaya, muzingozisekera.

Mtundu wa kuwala nawonso ndi nkhani. Ma LED ena ndi oyera mopita kubuluu, ndipo pa paketi amalemba 6000K kapena 6500K. Ena ndi oyera mopita kuchikasu, 3000K mpaka 4000K. Oyera mbee aja amaoneka owala kwambiri ukawayesa m'sitolo, koma kukakhala chifunga, fumbi kapena utsi, amathobwa m'maso mwa mwini wake yemwe. Tizilombo touluka timakondanso kuwala kopita kubuluu. Amene adakumanapo ndi nkhungu za panyanja, zija zimakwera ngati utsi pamwamba pa madzi, akudziwa chimene chimachitika ukayatsa nyali yoyera pakati pake. Kwa ife a kudimba ndi kunyanja, babu lopita kuchikasu pang'ono ndi limene limaonetsa bwino masamba, dothi ndi njoka. Wotchera ngumbi yekha ndi amene angakonde loyera mbee.

Maso a munthu amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima bwinobwino, koma kuwala kwamphamvu kumafafaniza zonsezo m'kamphindi. Woyendetsa boti usiku amadalira kuona mizere ya mapiri, nyenyezi ndi nyali za anzake. Ukamuunika kumaso ndi LED ya mawati atatu, wamuchititsa khungu kwa kanthawi, ndipo nyengo ya mwera kanthawi kameneko n'kokwanira kuti funde likupezeni chammbali. Choncho m'boti tochi iziloza pansi. Pamudzinso chimodzimodzi: kuunika munthu kumaso, makamaka wamkulu, n'kupanda ulemu, ndipo ndi tochi zamakonozi n'kumupweteka kumene. Unikani kumapazi, mupereke moni.

Mawu kwa anzathu a panyanja

Tochi yowala ili ndi phindu lina padoko. Maso a ng'ona amanyezimira mofiira ukawaunika usiku. Musanalowe m'madzi kukankha bwato kapena kutsuka nsomba, ikani tochi pafupi ndi diso lanu, muyendetse kuwala pang'onopang'ono pamwamba pa madzi ndi m'mabango. Tochi yofooka sikuonetsani timakala tiwiri timeneto mpaka mutayandikira kwambiri. Koma kusaona maso sikutanthauza kuti ng'ona palibe, chifukwa imabira.

Tisasokonezenso tochi ya m'manja ndi nyali zoitanira usipa. Ambiri tikukumbukira siginala ali m'bwato lake ndi nyali zopopa za parafini, ndipo masiku ano ambiri adasamukira ku mababu a LED oyendera batire. Phindu lake likuoneka: parafini sagulidwanso usiku uliwonse, magalasi sasweka, ndipo mafuta satayikira m'madzi. Koma kuwala sikusankha nsomba. Kumaitana yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo nyali zikamka ziwalirawalira pamene maso a ukonde akumka nachepa, tikukolola ndi mbewu yomwe. Musanawonjezere mababu pa bwato, kambiranani ndi komiti ya padoko lanu komanso alangizi a zausodzi, mumve zimene malamulo a dera lanu akunena. Nyanja ndi munda wa tonse, ndipo ana athu adzafunanso kupalasamo.

Tochi ya panyanja muiyang'anenso kamphira kamene kamatseka pa galasi ndi pa chivundikiro. Potsegula kuti musinthe babu, kamphirako kamatha kugwa osaona, ndipo madzi akalowa ntchito yonse yapita. Mangirirani chingwe pa tochi, muikoloweke m'khosi kapena pa thabwa la boti.

Batire ndiye mtima

Babu labwino pa batire lozunzidwa n'kutaya ndalama. Batire la mtovu limadana ndi kukhala lopanda moto. Mukaligwiritsa ntchito usiku, litchajeni kukacha, musadikire kuti lithere. Mukaisunga tochi osaigwiritsa ntchito, monga nthawi imene nyanja yatsekedwa, muziitchajabe kamodzi pamwezi. Vuto la LED ndi lakuti imayakabe ngakhale batire litatsala pang'ono kuuma, ndiye munthu umanyengeka n'kumangoyatsa. Mukaona kuwala kwayamba kuchepa, zimitsani.

Batire la lithium lili ndi malamulo ake. Lisatchajidwe ndi tchaja ya batire la mtovu, lisapitirire 4.2V, lisasiyidwe padzuwa pamwamba pa malata kapena pa thandala la nsomba. Likatupa, likabooka kapena likamatentha potchaja, lichotseni, chifukwa limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo nyumba zathu zambiri n'zofolera ndi udzu. Pogula 18650 yang'anani nambala: enieni amathera cha pa 3500mAh. Mukaona lolembedwa 9900mAh, limenelo ndi bodza la poyera. Lenileni limalemera magalamu 45 kapena kuposa pang'ono. Lopepuka ngati bango, lisiyeni pomwepo.

Batire lakufa lisaponyedwe m'nyanja, m'dimba, pamoto kapena pamene ana amasewera. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo wa mwana, ndipo ukalowa m'dothi suchoka. Liperekeni kwa okonza kapena ogula mabatire akale.

Kodi n'koyenera nthawi zonse?

Ayi. Ngati thupi la tochi lang'aluka, switchi ikuvutavuta, batire latopa, ndiye kuti mukuika chigamba chatsopano pa ukonde wowola. Funsani mtengo wa babu, wa batire ndi wa wokonza, muphatikize, mufanizire ndi mtengo wa tochi yatsopano yolimba, osati ija yopepuka yongotha mwezi umodzi. Ngati chofooka ndi babu lokha, kusintha ndiye kwanzeru. Ndipo babu lakale lija, ngati likuyakabe, musalitaye. Likulungeni m'kansalu, mulisunge m'chitini cha mbedza. Tsiku lina lidzakuombolani.

Ife tidabzalanso ndime ija. Patapita milungu itatu mvuu zidabweranso, monga zimachitira. Ulendo uno titayatsa, kuwala kudadutsa chimanga chonse mpaka kumabango, ndipo tidaziona bwinobwino: ziwiri, yaikulu ndi mwana wake, zitangotuluka kumene m'madzi. Tisakunamizeni, tochi sithamangitsa mvuu, ndipo ya mwana ndiye yoopsa kuposa zonse. Chimene tochi idatipatsa ndi kudziwa pamene zili, kuti tisaime pakati pa izo ndi mtsinje, ndiponso nthawi yoti tidzutse anzathu a madimba oyandikana nafe zisanafike pa mzere woyamba. Tidaimba zitini tonse pamodzi tili kumtunda, ndipo zidabwerera m'madzi.

Madzulo ano, musanagone, tengani tochi yanu, muime pakhomo, muunike mtengo umene mumaudziwa mtunda wake. Ngati simukuona nthambi zake, yambani ndi kasandipepa.